Momwe mungakonzere webusayiti ya bungwe lanu kuti anthu a ulumali azitha kuigwiritsa ntchito

Mwezi uno wokha anthu atatu andiimbira ndi funso limodzimodzi: "Otithandiza ndi ndalama akuti webusayiti yathu ikhale yoti anthu a ulumali azithanso kuigwiritsa ntchito. Tiikepo chiyani?" Ambiri amayembekeza kuti nditchula pulogalamu imodzi yoti agule, aike, nkhani ithere pomwepo. Pulogalamu yotero kulibe. Ndiye ndati ndilembe kamodzi zonse zomwe ndimawauza pa foni.

Chinanditsegula mutu ine ndi tsiku lomwe ndinakhala pambali pa mayi ena osaona, aphunzitsi, akufufuza ntchito pa foni yawo ya Android. Anali atayatsa TalkBack, pulogalamu yomwe imawerenga mokweza zonse zomwe zili pa sikirini. Chala chikuyenda, foni ikulankhula mwa liwiro loti ine sindinkatolapo kanthu, iwo akumva zonse bwinobwino. Atafika pa tsamba la ntchito la bungwe lina, foni inangoti "image", n'kutchula manambala a dzina la chithunzi, basi zii. Chilengezo chonse chinali chithunzi. Ndinawawerengera ine, mpaka mzere womaliza womwe unkalimbikitsa anthu a ulumali kuti afunsire ntchitoyo. Anaika foni pamiyendo n'kundifunsa tsiku lotsekera. Linali mawa lake.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo kuno ku Malawi ali ndi ulumali wina wake, ndipo anawerenga anthu achialubino 134,636, omwe ambiri mwa iwo amaona movutikira. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2009, ndipo ndime 9 ya panganolo imatchula intaneti mwachindunji. Muyezo womwe dziko lonse limatsatira pa nkhaniyi ndi WCAG, wolembedwa ndi bungwe la W3C. Watsopano ndi WCAG 2.2 wa mu 2023, ndipo uli ndi magawo atatu: A, AA ndi AAA. Inu lingani pa AA. Akakufunsani kuti mukutsatira chiyani, yankho ndi limenelo.

1. Sankhani masamba asanu oyambira

Musayambe ndi webusayiti yonse, mutopa musanafike pakati. Tengani masamba omwe munthu amabwerera ndi cholinga: tsamba loyamba, la ntchito ndi ma tenda ogula katundu ngati mumalengeza, la manambala ndi adiresi yanu, fomu iliyonse yomwe anthu amadzaza, ndi lipoti limodzi lomwe mumanyadira nalo. Zomwe mupeze pa masamba asanuwa ndi zomwenso zili pa ena onse.

2. Zulani mausi, muyende ndi kiyibodi yokha

Anthu osaona sagwiritsa ntchito mausi. Chimodzimodzi munthu wa manja onjenjemera, amene anadwala sitiroko, kapena amene alibe zala zina. Tsegulani tsamba lanu, dinani batani la Tab mobwerezabwereza. Shift ndi Tab zimakubwezani m'mbuyo, Enter imatsegula linki. Nthawi iliyonse mukadina, muzitha kuona pomwe muli, kaya ndi kabokosi kapena mzere wozungulira linkiyo. Okonza mawebusayiti ena amachotsa dala kabokosi kameneka poti akuti kakuwononga maonekedwe. Auzeni akabwezeretse.

Yang'anani zinthu zitatu. Kodi menyu yomwe imatsikira pansi imatseguka popanda mausi? Kodi kachikwangwani kodumphira kutsogolo kopempha imelo yanu kamatsekeka ndi Esc, kapena mwatsekeredwa m'menemo? Ndipo kodi muyenera kudina Tab kangati musanafike pa nkhani yeniyeni? Ngati ndi kopitirira makumi awiri, pemphani kuti aike linki imodzi pamwamba penipeni yolumphira ku nkhani.

3. Mitu ikhale mitu yeniyeni, malinki anene komwe akupita

Woona amaponya maso pa tsamba n'kupeza gawo lomwe akufuna. Wosaona amalumpha kuchoka pa mutu kupita pa mutu wina. Pa NVDA, pulogalamu yaulere yowerenga sikirini pa kompyuta za Windows, amangodina H. Koma imeneyi imagwira pokhapokha mutuwo utalembedwa ngati mutu. Kunenepetsa zilembo ndi kuzikulitsa sikupanga mutu, pulogalamu imangoziwerenga ngati mawu wamba. Mu WordPress, pulogalamu yomwe mawebusayiti ambiri amapangidwira, sankhani Heading. Tsamba likhale ndi Heading 1 imodzi, zigawo zake Heading 2, tizigawo tam'kati Heading 3, osalumpha chifukwa choti mwakonda kakulidwe ka zilembo zake.

Malinki nawo munthu angathe kuwamva onse motsatizana popanda mawu owazungulira. Tangoganizani kumva "dinani apa, dinani apa, werengani zambiri, dinani apa" kakhumi ndi kasanu. Lembani kuti "Tsitsani fomu yofunsira ntchito ya ukalaliki, PDF, 300 KB". Kukula kwa fayilo kutchuleni ndithu, chifukwa bandulo ndi ndalama.

Muuzenso wokukonzerani kuti tsamba lililonse lizinena chinenero chake m'kati mwa khodi, malangizo obisika omwe kompyuta imawerenga poonetsa tsambalo. Chizindikiro cha Chingerezi ndi en, cha Chichewa ndi ny.

4. Chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ochifotokoza

Mawu amenewa amatchedwa alt text. Saoneka pa tsamba, koma ndi omwe TalkBack ndi NVDA zimawerenga zikafika pa chithunzi. Mu WordPress kabokosi kake kali pomwepo pamene mukuika chithunzi. Lembani zomwe mukanamuuza mnzanu pa foni, chiganizo chimodzi kapena ziwiri: "Amayi anayi akutunga madzi pa mjigo watsopano, mwana ataima pambali ndi chigubu." Musayambe ndi "chithunzi cha", pulogalamu imanena kale zimenezo. Logo ilembeni dzina la bungwe. Kachizindikiro ka galasi lofufuzira kalembeni "Fufuzani", chifukwa chofunika ndi ntchito yake, osati maonekedwe ake. Tizithunzi tongokongoletsa, monga timizere ndi timaluwa, kabokosi kake ka mu WordPress kaja kasiyeni kopanda mawu kuti pulogalamu itilumphe.

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri chili pa magirafu. Kulemba kuti "girafu ya ophunzira" sikuthandiza munthu. Lembani zomwe girafuyo ikunena, ndipo manambala ake muwaike pansi pake m'mawu kapena m'tebulo.

Polemba za anthu eni ake, samalani mawu. Mayina monga "gonthi" ndi "napweri" amapweteka ndipo asapezeke pa tsamba la bungwe. Ngati mukukayika, funsani mabungwe awo kuti amafuna kutchulidwa motani.

5. Mitundu ndi kukula kwa zilembo

Zilembo zotuwa pang'ono pa pepala loyera, zachikasu pa loyera, zoyera pamwamba pa chithunzi cha nyanja: zonsezi okonza amazikonda, koma munthu wachialubino kapena gogo wa ng'ala m'maso sazitha. WCAG imati kusiyana kwa mtundu wa zilembo ndi wa kumbuyo kwake kukhale 4.5 kwa 1, ndipo pa zilembo zikuluzikulu 3 kwa 1. Simufunika kuwerengera nokha. Contrast Checker ya pa intaneti ya bungwe la WebAIM ndi yaulere, mumangoika mitundu iwiriyo n'kukuuzani ngati yakhoza. Mukapeza kuti mtundu wa bungwe lanu walephera, usiyeni pa logo, koma pa zilembo mugwiritse ntchito wakuderapo. Njira ina yachidule: tulukani panja masana dzuwa lili paliwombo, muyese kuwerenga tsamba lanu pa foni.

Kenako pa kompyuta dinani Ctrl ndi + mpaka tsamba lifike pa 200 peresenti. Mawu asakwerane, mabatani asasowe, ndipo munthu asamachite kukokera kumanja ndi kumanzere pa mzere uliwonse. Pa foni yesani kukulitsa ndi zala ziwiri. Mawebusayiti ena amatseka zimenezi dala, zomwe ndi kulanda munthu magalasi ake.

Mtundu wokha usanyamule uthenga. Mukati "zolembedwa mofiira n'zokakamiza", amene sasiyanitsa kufiira ndi kubiriwira mwamusiya, wosaona naye mwamusiya. Lembani mawu oti "chokakamiza" pambali pake.

6. Mafomu

Kabokosi kalikonse kakhale ndi dzina lake looneka pamwamba kapena pambali, lolumikizidwa nako m'khodi. Kuyesa kwake n'kosavuta: dinani pa mawu oti "Dzina", ndipo kamzere kothwanima kosonyeza polemba kalowe m'kabokosiko. Mawu otuwa am'kati mwa kabokosi omwe amasowa mukayamba kulemba sakwanira. Munthu akalakwitsa, fomu imuuze m'mawu pomwe walakwitsa ndi momwe angakonzere: "Nambala ya foni ikhale ndi manambala 10, kuyambira ndi 0." Isafufute zomwe walemba kale. Ngati fomu ili ndi malire a nthawi, pakhale njira yowonjezera, chifukwa wolemba ndi chala chimodzi amatenga nthawi.

CAPTCHA, kamayeso koti musankhe zithunzi za mabasi kapena mulembe zilembo zopindika, ndi chitseko chokhoma kwa wosaona. Pali njira zina zotchingira mauthenga achabechabe zomwe sizifunsa munthu kanthu, ndipo wokukonzerani akuzidziwa. Pansi pa fomu iliyonse ikaninso imelo ndi nambala ya foni kuti yemwe wakanika akhale ndi polowera pena.

7. Mapositala ndi makalata ojambulidwa pa scanner

Apa ndi pomwe mabungwe athu ambiri amagwera, ndipo malangizo ochokera kunja sachedwapo chifukwa sadziwa momwe maofesi athu amagwirira ntchito. Mutha kukonza zonse zisanu ndi chimodzi zapamwambazi, webusayiti n'kukhala yabwino tsiku loitsegulira, koma pakatha miyezi itatu yadzaza ndi zithunzi za mapepala.

Njira yake timaidziwa tonse. Chilengezo chimalembedwa mu Word. Chimasindikizidwa, abwana amasayina, chidindo chimamenyedwa, kenako pepalalo limapita pa scanner kapena kungolijambula ndi foni, n'kutumizidwa kwa woika zinthu pa webusayiti Lachisanu 4 koloko madzulo ndi mawu oti "chikwere lero". Mawu omwe anali amoyo mu Word aja asanduka chithunzi. PDF yotere kwa TalkBack ndi pepala lopanda kanthu. Wachialubino akaikulitsa, zilembo zimangoti mbuu. Ngakhale Google siyiipeza bwino.

Yambani ndi kudziwa kuti mwa PDF zanu ndi ziti zili zithunzi. Tsegulani imodzi, yesani kusankha liwu limodzi ndi mausi, kapena dinani Ctrl ndi F mufufuze liwu lomwe mukuliona ndi maso anu pa tsambalo. Likapanda kupezeka, chimenecho ndi chithunzi.

Kukonza kwake kuyende chonchi. Choyamba, chilengezo chilichonse, kaya cha ntchito, cha maphunziro kapena cha msonkhano, mawu ake onse alembedwe pa tsamba lenilenilo la webusayiti: udindo, zoyenereza, tsiku lotsekera, kotumiza kalata. Positala yokongola ija ibwere pambuyo ngati chokometsera. Wojambula positala analandira mawuwo kuchokera kwa inu, ndiye alipo kale, ndi nkhani yongokopera. Chitaninso chimodzimodzi pa Facebook ndi pa magulu a WhatsApp: positala ipite limodzi ndi mawu ake olembedwa.

Chachiwiri, ngati pakufunikadi PDF, ichokere mu Word mwachindunji. Mitu ikhale ya Heading 1 ndi Heading 2 kuchokera pa Styles, zithunzi zikhale ndi alt text, matebulo akhale matebulo enieni okhala ndi mzere wa mitu pamwamba, osati mawu otalikitsidwa ndi batani la Space. Pitani pa Review mudine Check Accessibility, Word ikuuzani zotsala. Posunga gwiritsani ntchito Save As, musankhe PDF, ndipo pa Options muonetsetse kuti pali chochonga pa mawu onena za tags. Njira ya Print to PDF ipeweni, imataya mitu yonse ija.

Chachitatu ndi siginecha ndi chidindo. Abwana ambiri amaopa kuti chikalata chopanda chidindo anthu achiyesa chabodza, ndipo mantha amenewa ali ndi chifukwa, popeza zilengezo zabodza za ntchito zabera anthu ndalama zambiri. Musalimbane nawo. Ikani zonse ziwiri: mawu pa tsamba, ndipo pansi pake linki yoti "Kope losayinidwa ndi kudindidwa, chithunzi". Wofuna kutsimikiza aona chidindo, wofuna kumva amva mawu.

Chachinayi ndi zakale. Malipoti a zaka khumi zapitazo simungawakonze onse. Yambani ndi omwe anthu akuwagwiritsabe ntchito: mafomu, malamulo a bungwe, ndondomeko yodandaulira. Fufuzani kaye fayilo ya Word yoyambirira m'makompyuta a mu ofesi. Ikasowa, pali mapulogalamu a OCR omwe amasandutsa chithunzi kukhala mawu, koma muwerenge zotulukazo mzere ndi mzere. Chichewa amachisokoneza, makamaka pa n' ndi m', pa ŵ, ndi pamene chidindo chagwera pa mawu.

Chovuta kwambiri pa zonsezi si makina. Woika zinthu pa webusayiti nthawi zambiri amakhala wamng'ono mu ofesi, mwina wongophunzira ntchito, ndipo sangabweze chikalata chochokera kwa mkulu woona za antchito. Akalandira chithunzi, aika chithunzi. Choncho lamulo lichokere kwa mkulu wa bungwe, molemba, kupita kwa onse: chilichonse chopita pa webusayiti chitumizidwe mu Word, ndipo woikayo ali ndi chilolezo chobweza chomwe chabwera ngati chithunzi chokha. Mwana uja akakhala ndi kalata imeneyi m'manja amatha kunena mwaulemu kuti, "Bwana, munganditumizirekonso ya Word ija? Ndi momwe anatiuzira." Popanda kalatayo, zonse zimabwerera mwakale iye akangochoka kapena akangokalipiridwa kamodzi.

8. Mavidiyo ndi mawu ojambulidwa

Vidiyo iliyonse ikhale ndi mawu olembedwa oyenda pansi pake. Mawu omwe makina amadzilembera okha musawadalire, mayina athu ndi kalankhulidwe kathu amaziphonya, ndiye muwakonze kapena mulembe nokha n'kuika ngati fayilo ya SRT, yomwe YouTube ndi Facebook zimalandira. Pulogalamu ya pa wailesi yomwe mwaika pa tsamba ikhale ndi zolemba zake pansi. Kumbukirani kuti kwa anthu ambiri osamva chinenero choyamba ndi cha manja, Chingerezi cholembedwa chimabwera pambuyo. Pa uthenga wokhudza moyo, monga wa kolera, wa kusefukira kwa madzi kapena wa kokanena nkhanza, lembani womasulira m'chinenero cha manja, ndipo aoneke wamkulu bwino pa sikirini ya foni. Vidiyo isayambe kulira yokha tsamba likatseguka, imaphimba mawu a TalkBack ndipo imadya bandulo. Zinthu zothwanima koposa katatu pa sekondi zichotseni, zimatha kugwetsa munthu wa khunyu.

9. Yesani ndi makina, kenako nokha, kenako ndi eni ake

WAVE ya WebAIM ndi Lighthouse yomwe ili kale m'kati mwa Chrome ndi zaulere, ndipo zimagwira msanga zolakwika monga mitundu yosaoneka ndi zithunzi zopanda mawu. Koma makina amangoona kuti alt text ilipo, sadziwa ngati ikunena zoona. Ndaonapo tsamba lopeza malikisi apamwamba pomwe chithunzi chilichonse chinalembedwa "photo".

Ndiye yatsani TalkBack pa foni yanu, pa Settings kenako Accessibility. Pa iPhone inzake ndi VoiceOver. Musanayatse dziwani izi, chifukwa foni isintha khalidwe: kukhudza kamodzi kumangowerenga, kutsegula ndi kugogoda kawiri, kupita pa chotsatira ndi kukoka chala kumanja, kutsitsa tsamba ndi zala ziwiri. Yesani kupeza nambala ya foni ya bungwe lanu osayang'ana pa sikirini.

Zimenezi zikuphunzitsani zambiri, komabe inu ndinu mlendo pa njirayi. Itanani eni ake. FEDOMA yomwe imaphatikiza mabungwe a anthu a ulumali, Malawi Union of the Blind ya anthu osaona, MANAD ya anthu osamva ndi APAM ya anthu achialubino angakulumikizeni ndi anthu omwe amagwiritsa ntchito zipangizozi tsiku ndi tsiku. Anthu anayi kapena asanu a ulumali wosiyanasiyana akukwanirani poyamba. Abwere ndi mafoni awo, chifukwa anawatchera momwe amawafunira. Apatseni ntchito yeniyeni, monga "pezani tsiku lotsekera ntchito iyi n'kutumiza fomu", kenako khalani chete muzilemba. Mtima ukuuzani kuti muwalande foni muwathandize. Musatero, pomwe akakamira ndi pomwe mukufuna kupadziwa. Ndipo alipireni monga mumalipirira katswiri aliyense, kuwonjezera pa thiransipoti yawo ndi ya wowaperekeza komanso bandulo. Botolo la zakumwa ndi chithunzi cha mu lipoti si malipiro.

10. Mgwirizano ndi wokukonzerani, ndi tsamba lodandaulira

Ngati mukulemba munthu kapena kampani yokonza webusayiti, mawu oti "WCAG 2.2 AA" alowe mu mgwirizano, ndipo gawo lomaliza la ndalama lituluke mayeso a pa nambala 2 ndi 9 akachitika. Wina akakuuzani kuti angoika kabatani kozungulira kokhala ndi chithunzi cha munthu pakona pa tsamba ndipo zonse zikonzeka zokha, kanani. Kabatani kotere sikasandutsa positala kukhala mawu, ndipo nthawi zina kamalimbana ndi pulogalamu yomwe munthu ali nayo kale.

Pomaliza lembani tsamba lalifupi, linki yake ikhale pansi pa masamba onse. Linene muyezo womwe mukutsatira, zomwe mukudziwa kuti sizinakonzedwebe, monga malipoti akale, ndi momwe munthu angapemphere chikalata mu Word, m'zilembo zikuluzikulu kapena mu Braille. Ikani nambala yolandira kuimba komanso mauthenga olembedwa, poti wosamva saimba, ndipo munene masiku omwe muyankhire. Nambalayo ikhale ya munthu wodziwika mu ofesi yemwe ntchitoyi yalembedwa pa udindo wake. Iyeyo abwereze mayeso a Tab ndi a TalkBack pa masamba asanu aja miyezi itatu iliyonse, komanso nthawi iliyonse maonekedwe a webusayiti akasinthidwa kapena pakabwera munthu watsopano woika zinthu.